Dokotala Awaone Bambo Akuyenda

Whyalla, 14 Epulo 2020

Okondedwa Amayi ndi Bambo,

Moni kumeneko ku famu. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ife kuno tilipo. Tahlia mimba yafika poti nsapato ndimamuveka ndine. Anamwino akuti mwana afika sabata yachiwiri ya Meyi. Apongozi anga a Noeline asamukira kwathu kuno kudzatithandiza.

Kulemba si mbali yanga, mukudziwa, koma lamya ya m'nyumba mwanu imangothetheka ngati nyama mu chiwaya. Bambo samva, amangoti "eya, eya" ngakhale ndawafunsa kuti mvula yagwa liti. Amayi mukamayankhula, Bambo amakhala pambali panu, ndiye zonse zimangokhala "tili bwino". Pa pepala mundiuze zenizeni. Akudya? Pogona akutsamira mapilo angati? Kupuma kuli bwanji?

Za malire mwamva, atseka chifukwa cha korona. Ndafunsa. Munthu wa kuno ku South Australia salowa m'chigawo chanu cha kumadzulo popanda chilolezo, ndipo amapereka ngati m'bale wako wadwalika ndithu, pakhalenso kalata ya dokotala. Dzina la matendawo ndalilemba pa chitseko cha firiji kuti ndisamalakwitse pa mafomu: mesotheliyoma. Ndikaganiza kuti khansa yonseyi m'chifuwa mwanu yachokera ku fumbi la asibesitosi lomwe munkaseweramo muli mwana ku Wittenoom, agogo ali mu mgodi, ndimangotuluka panja kukayeza mpweya wa matayala oti ndayeza kale, poti matayala ndiye ntchito yanga. Bambo, ndinakulonjezani kuti mwana akabadwa mudzamunyamula ndi manja anu. Zimenezo sizinasinthe.

M'bokosimu muli foni ya galasi lalikulu. Poti maulendo a ku Perth aimitsidwa, Dokotala Perera azikuonani pa kanema wa foniyi Lachiwiri, pakatha masabata awiri aliwonse, 10 koloko m'mawa. Netiweki imagwira pa chitunda cha thanki pokha, paja ndinkaimbira Tahlia tili pa chibwenzi. Mukwere pa pikapu. Ndajambula pa pepala podina. Chobiriwira dinani. Chofiira musachikhudze. Kachipangizo kakang'onoko n'kopana chala, kamayeza mpweya m'magazi. Nambala ikatsika pa 90, muwauze adokotala.

Ndine mwana wanu,
Dion


Mullewa, 6 Meyi 2020

Dion,

Moni mwana wanga, moni kwa Tahlia ndi kamunthu kali m'mimbako. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri ndimafunafuna zolakwika. Ndapeza zisanu. Aphunzitsi ako akanalira.

Dzulo taonana ndi dokotala pa foni yako ija. Mayi ako anatikweza pa chitunda 9 koloko, ola lathunthu nthawi isanakwane, kuopa kuti netiweki ithawa. Ndinameta ndevu, ndinavala malaya a ku msika wa nkhosa ndi chipewa chabwino chija. Munthu sungaonekere kwa dokotala ngati wotuluka m'khola, ngakhale dokotalayo akhale wokwana m'dzanja. Poyamba ankangoona mphuno zanga ndi mitambo. Mayi ako atawongola dzanja, dokotala anati, "A Pedrotti, koma kumbuyo kwanuko n'kokongola. Mwafika kumeneko wapansi?" Ndinati chitunda chimenechi ndachikwera zaka makumi anayi. Bodza palibe pamenepo.

Kachipangizo kako kanati 93. Ndinamuuza kuti tikufesa tirigu ndipo nkhosa zayamba kuswa, mapasa ambiri chaka chino. Anaseka, anati ndipitirize chomwecho.

Za ulendo usavutike nazo. Khala pafupi ndi mkazi wako. Ine sindikupita kulikonse.

Bambo ako

Tili bwino. Ndaluka tizipewa tiwiri ndi kabulangeti, zikubwera. Mayi.


Whyalla, 13 Meyi 2020

Okondedwa Agogo awiri,

Moni. Pa lamya mwamva kale, koma ndilembe kuti zikhale pa pepala. Mtsikana. Marnie Glenys Pedrotti. Wabadwa Loweruka pa 9 Meyi masana. Makilogalamu 3.4. Zala ndinawerenga, khumi m'manja khumi kumapazi, kenako ndinawerenganso. Tahlia ali bwino. Ananditukwana kawiri, wapepesa kamodzi.

Anandilola kulowa nditavala masiki. Namwino atandipatsa mwana ndinati dikirani ndikhale kaye pansi. Tayala la lole ndimalidzutsa osaganiza, koma kamunthu aka ndinakanyamula ngati dzira.

Kuchoka ku chipatala kufika kunyumba ndi makilomita anayi. Ndinayenda mphindi 25. A Noeline anati wapansi akanafika msanga n'kutereka ketulo. Mpando wa mwana wa m'galimoto ndinakaonetsa kwa anthu awiri osiyana, onse anati wamangidwa bwino, ndinaumanganso.

Akagona amapuma mwachangu kenako n'kuima pang'ono. Namwino akuti ana onse amatero. Amayi, n'zoona? Ine ndinkatero? Matewera asanu ndi atatu pa tsiku n'zabwinobwino? Madzi osamba ndimayeza ndi chigongono, koma chigongono changa chinazolowera ntchito, sindichikhulupirira.

Mphuno ndi ya Bambo, Marnie atikhululukire. Chithunzi ndaikamo.

Tsopano za ntchito. Lachiwiri likubwerali mupemphe Dokotala Perera kalata yonena mmene Bambo alili, anditumizire pa foni. Ndiiphatikiza ku fomu ya chilolezo. Marnie akakwana masabata asanu ndi limodzi n'kubayitsa katemera woyamba, tinyamuka. Masiku atatu pa msewu. Poima paliponse ndalemba kale, ndi malo ogona amene ali ndi madzi otentha.

Ndine bambo wa Marnie, mwana wanu,
Dion


Whyalla, 9 Juni 2020

Okondedwa Amayi ndi Bambo,

Moni nonse. Marnie wayamba kutsata nkhope ndi maso, makamaka ya Tahlia, yanga amaiyang'ana ngati akufunsa kuti ndimadzatani. Tizipewa tafika. Kamodzi kakumukwana, kena tadikira mutu ukule.

Chilolezo atikaniza. Ndinakwiya tsiku limodzi, kenako ndinakhala pansi n'kuwerenga bwino kalata ya dokotala, Tahlia akundithandiza mawu aataliwo. Akuti matenda sakuyenda msanga, wodwala akukwera chitunda wapansi, akufesa tirigu, akuyang'anira nkhosa. A ku malire anangoti munthu wotere angathe kudikira mpaka malire atatseguka. Sindingawatsutse.

Ndiye ndasangalala, Madala. Zoona. Ndinaotcha nyama panja kukuzizira chomwecho, nditavala majekete awiri. Ku ntchito ndinauza anzanga kuti bambo anga ali ndi khansa ya m'chifuwa koma akuthamangitsa nkhosa pa chitunda. Wina anati anthu a kumadzulo munapangidwa ndi waya wa mpanda.

Tidikira basi. Akuti mwina pa Khirisimasi. Nthawi imeneyo Marnie adzakhala atayamba kukhala yekha, mudzamunyamula wolemera.

Funso limodzi. Amayi, mwezi wathunthu simunalembe kanthu kupatula mzere umodzi uja pansi pa kalata ya Bambo. Za matewera simunandiyankhe. Ndakulakwirani? Kapena dzanja lija layambanso?

Mwana wanu,
Dion


Pa envelopu: Pepa Dion, inagona m'galimoto pansi pa mankhwala a nkhosa masabata atatu. Murray.

Mullewa, 26 Meyi 2020

Mwana wanga Dion,

Moni. Umupsompsone Marnie pa chipumi m'malo mwanga. Inde, nawenso unkapuma chomwecho, ndipo matewera asanu ndi atatu ndi mwana wodya bwino. Siya kumuyang'anitsitsa, umutopetsa.

Kalata iyi ndikulembera m'chipinda chochapira. Ndipatsa Murray wa famu yoyandikana nafeyi akaponye ku tauni, bambo ako asaione.

Unati ndikuuze zenizeni. Tirigu akufesa ndi Murray. Nkhosa akuyang'anira ndi Murray. Bambo ako kuchoka pa khonde kufika ku khola la nkhuku amaima kawiri atagwira mpanda, n'kumanamizira kuti akuona waya. Amagona chokhala pa mpando. Supu amamwa theka la kapu. Malaya abwino aja ndimawapana ndi mapini kumsana kuti asaoneke kukhwepa.

Koma Lachiwiri la dokotala ukanawaona. Timakwera pa pikapu, amakhala ola lathunthu ali phee, kupuma kumabwerera, kachipangizo kamati 92 kapena 93. Foni ikalira amakankhira chipewa kumbuyo n'kuyamba nthabwala. Dokotala amaona mutu ndi mapewa basi, kumbuyo kuli munda. Ine ndagwira foni, pakamwa nditatseka. Sabata yatha titatsika ndinawapana chala atangolowa m'nyumba kuchokera pa galimoto. Kanati 85.

Ndinati, "A Lino, mukunamiza mwana wa eni ake woti akufuna kukuthandizani." Anati, "Glenys, munthu akakufunsa kuti uli bwanji, umati ndili bwino. Bambo anga anatero mpaka tsiku lomaliza." Ndinati inde, ndinalipo, ndinaona mmene zinathera. Tsiku limenelo supu sanaikhudze.

Usaimbire dokotala kuwaneneza. Mtima wawo ukuudziwa, akanenezedwa sadzakweranso chitunda chija. Uwalembere iweyo. Iwe amakumvera, ngakhale amanamizira kugontha.

Mayi ako


Whyalla, 20 Juni 2020

Bambo,

Moni. Marnie ali bwino. Katemera wabayitsa, analira mphindi ziwiri, thukuta ndinatuluka ndine. Kalata iyi ndi yanu nokha. Ya Amayi yandipeza dzulo. Musawakalipire, ndinawapempha ndine.

Ndinaotcha nyama, Bambo. Ndinadzitama ku ntchito.

Ndikufotokozereni mwa matayala poti zina sindizitha. Munthu abwere ndi lole yoti tayala likuphwa, koma walipopera pa geti pomwepo. Ine ndiyeza, ndipeza lili bwino, ndimubweza. Likakaphulikira pa msewu, wolakwa ndani? Ola lija mumakhala pa chitunda ndiko kupopera pa geti. Dokotala sangakugwireni, sangamvere chifuwa chanu. Ali ndi maso okha ndi zomwe mwamuuza.

Ndipo kalata yake ndi imene yatitsekera malire. Nthabwala zanu zija zili pa fomu, anthu anaziwerenga n'kuzikhulupirira. Inu mukamati "ndili bwino", Marnie amakhala kuno. Kufika Khirisimasi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Pa 85 sindikudziwa ngati miyeziyo muli nayo, ndipo inunso simukudziwa.

Munalemba kuti za ulendo ndisavutike nazo. Ngati simukufuna kuti tibwere, nenani poyera. Ngati pali china, nenaninso. Pa lamya musandiyankhe "eya, eya". Lembani.

Dion


Mullewa, 3 Julayi 2020

Dion,

Moni. Kalata yako ilibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndaona kuti ukakwiya umalemba bwino.

Kusafuna kuti mubwere? Chithunzi cha mwanayo chatha m'makona chifukwa chokhalitsa m'thumba la malaya.

Tamvera. Mu Epulo, Des Harrigan uja tinkameta naye nkhosa anamutengera ku Perth pa ndege ya odwala, mtima. Chifukwa cha mliriwu oona odwala sankalowa. Anamwalira Lachinayi masana, mkazi wake ali panja, pa malo oimika magalimoto. Ine ndikanena kuti madzi adzazanso m'chifuwa, anditumizira ndege yomweyo, ndipo mayi ako akaima pa malo oimika magalimoto. Kuli bwino ndibanike pa khonde langa ndikuona nkhosa zanga. Ndinaganiza kuti ndikalimba mpaka malire atseguke, ndipeza zonse ziwiri, khonde ndi mdzukulu. Zoti kalata ya dokotala ndi imene ikutsekereni sindinaziganize. Mutu wanga wonse unali pa ndege ija.

Ndi zimenezo. Mayi ako sindinawauze. Ng'amba pepalali ukawerenga.

Bambo ako


Whyalla, 15 Julayi 2020

Bambo,

Moni, ndipo zikomo. Pepala sindinang'ambe.

Ndaimbira anamwino oona za matenda a m'chifuwa. Dzina lanu sindinatchule, ndinangoti munthu wina wamakani. Anati oterowo ali nawo ambiri. Mafunso ndinalemba pa katoni, mayankho ndi awa. Kuchotsa madzi sikulira Perth. Amachita ku Geraldton, ola limodzi ndi pang'ono pa galimoto yanu yomwe. Mumagonako usiku umodzi, mwina osagona n'komwe. Amatha kusiya kachubu m'nthiti, namwino n'kumabwera kudzakhetsa madziwo pa khonde lanu lomwelo. Akazi a odwala tsopano akulowa. Ndipo palibe amene angakukwezeni ndege inu mutakana. Chimenechi ndinafunsa kawiri, kachiwiri ndinati abwereze pang'onopang'ono.

Ndiye Lachiwiri muchite izi. Foni ikalira, mutsike pa pikapu, muyende kukafika pa thanki, Amayi akulozetseni foni. Ndi mapazi makumi atatu, ndinkawayenda uku ndi uku ndikukangana ndi Tahlia. Mukafika, panani chala, dokotala aone nambala. Basi. Mawu oti "ndikudwala" simufunika kuwanena. Miyendo inena yokha.

Marnie wandimwetulira dzana. A Noeline akuti ndi mpweya wa m'mimba. Si mpweya.

Dion


Mullewa, 3 Ogasiti 2020

Mwana wanga Dion,

Moni kwa nonse atatu ndi kwa a Noeline. Iyi ndikulembera pa tebulo la m'khitchini, bambo ako ali apa akuyang'ana, ndipo ndikaponya ndekha. Murray sadzagwiranso kalata yanga.

Pa lamya ndinangokuuza mitu yake, mverano bwino. Lachiwiri tinakwera ngati kale. Tinadikira ola lathu lija. Foni italira dokotala anati, "A Pedrotti, nkhosa zili bwanji lero?" Bambo ako anavula chipewa n'kundipatsa. Anati, "Za nkhosa kafunseni Murray. Ine ndakhala ndikukunamizani chiyambire Meyi. Glenys, ndilozetse chinthucho." Anatsika. Ndinawerenga mapazi, anakwana 18. Kenako anagwira mpanda atawerama, kupuma kukumveka ngati macheka pa thabwa louma. Kachipangizo kanati 83.

Dokotala anayang'ana nambalayo. Kenako anati, "Ku Perth ndinkakuonani mukuyenda m'khonde lalitali lija kuchokera pa benchi. Ndinkadziwa mmene mulili musanakhale pansi. Pa foni pano ndakhala ndikuyeza chipewa." Bambo ako atapeza mpweya anati, "Koma n'chipewa chabwino." Iye anati, "Chabwino kwambiri. Chili ndi thanzi kuposa mwini wake." Akuti kuyambira pano odwala ake onse a m'mafamu aziyamba ayenda kaye, moni pambuyo.

Bambo ako anati, "Ndege ayi." Iye anati, "Ndege ayi. Lachinayi ku Geraldton, pa galimoto yanu, akazi anu pambali." Ine za ndegezo sindinkazidziwa. Anandiuza potsika chitunda. Ndinaimitsa pikapu n'kuwauza kuti zaka makumi anayi ndakwatiwa ndi chitsiru. Anavomera.

Anachotsa malita awiri ndi theka, mwana wanga, ooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinali pomwepo nditagwira phazi lawo. Pobwerera anandiimitsa pa kashopu ka kunyanja, anadya nsomba ndi tchipisi zonse n'kutolanso zanga. Tsopano akugona pa bedi, koyamba chiyambire Epulo. Akuliza mkonono ndipo sindikuwagwedeza. Namwino Robyn azibwera Lolemba ndi Lachinayi kudzakhetsa madzi pa kachubu. Lero wabwera, bambo ako amufunsira kale kuti akwatiwe ndi Murray.

Dokotala sanatibisire. Chotupacho chakula. Akuti tiziwerenga miyezi, osati zaka, ndipo walemba zomwezo m'kalata yatsopano imene wakutumizira. Ndinakalirira ku khola la nkhuku. Bambo ako anandipeza komweko, anafika osaima ngakhale kamodzi, n'kunena kuti, "Ukulira chiyani, kalata yoipa si imene timaifuna?"

Nyumba ya ometa nkhosa ndayamba kusesa. Chilolezo chikatuluka mudzabindikira m'menemo.

Mayi ako


Nyumba ya ometa nkhosa, 30 Ogasiti 2020
Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwa masiku 14

Amayi,

Moni kuchokera kuseri kwa mpanda. Dengu mwasiya pa geti talandira, kalatayi ndaika m'dengu lomwelo. Nyama ya nkhosa ija Tahlia anadya kawiri. Soseji ya Bambo ya chaka chino tsabola wachuluka. Apolisi anabwera kudzaona ngati tili m'nyumba, anatipeza ndikuyanika matewera. Uchi umene a Noeline anakutumizirani unatsala pa malire ku Eucla, uchi sadutsa nawo, ndinaiwala.

Muwauze Bambo asiye kuyandikira. Dzulo anafika pa mtengo wa bulugamu, ndayeza, ndi mamita makumi awiri kuchoka pa zenera lathu. Chilolezo chimati masiku 14, ndipo ngakhale chikanapanda kutero, tadutsa m'malo omwetsera mafuta asanu ndi anayi. Chifuwa chawocho sichingalandire ngakhale chimfine. Tadikira miyezi inayi, tisawononge sabata yomaliza. Mwana ndizimuonetsa pa zenera 8 koloko ndi 4 koloko. Aime pa geti.

Dion

Ndimaona waya. Mukweze mwanayo pang'ono, ndikungoona kachipewa. Bambo ako.


Mullewa, 8 Seputembala 2020

Okondedwa apongozi anga a Noeline,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo nyumba siyakukulirani. Ife kuno tilipo tonse. Tahlia akuti akuimbirani Lamlungu ali pa chitunda. Mundiuze ngati mpope wa kubafa wayambanso kudontha, sipanala ili pansi pa sinki.

Munati ndidzakulembereni zonse osadumpha, ndiye nazi. Masiku obindikira anatha Lamlungu. Anatiyeza, tilibe korona. Ine ndinakonza kuti Lolemba m'mawa tipite ndife ku nyumba yaikulu, Bambo akhale pa mpando wa mikono, pilo pansi pa chigongono cha kumanja poti kachubu kali kumanzere. Ndinalemba pa pepala n'kuika m'dengu. Anabweza pepalalo atalemba kuti ayi, mlendo amamuchingamira.

Ndi mamita 200. Ndinadzuka m'mamawa n'kuika mipando isanu ya pulasitiki m'njira, motalikirana mofanana. Amayi anati m'njiramo mukuoneka ngati muli msonkhano wa mbuzi. Bambo anatuluka 9 koloko. Anakhala pa mpando woyamba, anakhala pa wachiwiri. Wachitatu anaukankha ndi phazi. Wachinayi anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Uwu ndikhalapo, palibe wondilipira ndikagwa." Ine ndinali pa khomo ndi mwana, miyendo ikufuna kuthamanga, Tahlia atandigwira lamba kumbuyo.

Awonda, amayi. Pa zenera sindinkaona bwino. Khosi la malaya likukwana awiri. Koma nkhope ili ndi magazi, ndipo atafika anati, "Iwe, wanenepa. Ntchito ya matayala inatha?"

Anakhala pa sitepe. Ndinawapatsa mankhwala osamba m'manja, anasamba, ndinawapatsanso. Ndinayamba kufotokoza za khosi la mwana, kuti ngakhale layamba kulimba dzanja likhale kumbuyo. Anati, "Glenys, uyu tinamulera ndife kapena anadzilera yekha?" Amayi anati, "Mpatse mwana, Dion."

Ndinawapatsa. Manja anga ndinawasiya pansi pake, osakhudza, kungoti akhalepo. Bambo anati, "Chotsa manjawo. Ana a nkhosa ndanyamula zikwizikwi, oterera, m'mvula, sindinagwetsepo mmodzi." Ndinati uyu si nkhosa. Anati, "Ndaona, ubweya wachepa." Manja aja ndinawaika m'thumba.

Marnie anawayang'ana atakwinya pa chipumi ngati mmene amachitira ndi ine. Ndinati alira. Sanalire. Anagwira khutu lawo n'kulikoka. Bambo anayamba kumuyankhula Chitaliyana, motsitsa, chimene sindinawamvepo akuyankhula chimwalirire agogo. Sindikudziwa zomwe anamuuza. Ndinangomva Nonno, ndiye kuti agogo, akudziloza pa chifuwa. Amayi anati akukaona ketulo, m'nyumba yoti mulibe ketulo pa moto. Tahlia anawatsatira. Ine ndinakhala pa sitepe ya m'munsi, kumanzere, kuti mwana akaponda asaponde kachubu.

Abwana andilola kukhala mpaka tirigu atakololedwa, ndithandizana ndi Murray. Kupitirira apo tidzaona. Dokotala sakulonjeza kanthu ndipo ife sitikumufunsa kawiri.

Marnie anagona pa mkono wawo. Patapita mphindi makumi anayi ndinaona dzanja likuyamba kunjenjemera pang'ono. Ndinati, "Bambo, bweretsani, mkono watopa."

Anati, "Sunatope. Ukatopa ndikuuza. Masiku ano ndimanena."

Ndine mkamwini wanu,
Dion